Ku Reykjavik, Komwe Amalondola Matenda Akumtundu

Reykjavik ndi likulu la Iceland, chilumba chozizira chokhala ndi anthu pafupifupi 400,000. Titayenda wapansi kufika pafupi ndi yunivesite, tinaona nyumba ya deCODE, kampani yofufuza za majini imene Kári Stefánsson anakhazikitsa mu 1996.

Anthu akuno akhala akulemba maina a makolo awo kwa zaka mazanamazana, motero matenda akumtundu savuta kuwalondola. Mu 2006 kampaniyi inapeza kuti kusintha kwa jini ya TCF7L2 kumawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga. Inazindikiranso anthu ambiri obadwa ndi jini ya BRCA2 yolakwika, imene imawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere, koma malamulo sankalola kuwauza asanafunse okha. Mu 2018 inatsegula tsamba la pa intaneti loti wofuna kudziwa azifunsirapo.

Zotsatira za kuyezetsa kotere zimangosonyeza kukula kwa chiopsezo; sizilosera kuti mudwala ndithu. Mayi wodziwa amayamba msanga kupimitsa mawere. Wa chiopsezo cha shuga amachepetsa zotsekemera, namayenda tsiku ndi tsiku. Inunso funsani akuluakulu a kwanu matenda amene anavutitsa agogo anu, mukauze adokotala.