Ngolo yosawotchereka pa Chitakale

Ngolo ya aluminiyamu ndinaigula kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inali yonyezimira, yopepuka moti mnyamata mmodzi ankaikankha yekha. Aluminiyamu amapepuka pafupifupi katatu kuposa chitsulo, ndipo sachita dzimbiri. Kuno ku Mulanje, kumene mvula ndi chiperoni sizipatsa chitsulo mpata wouma, ndani sakanakopeka? Achimwene anandichenjeza, ine ndinawayesa otsalira.

Pa phula inkayenda bwino. Nanazi ndinkapita nazo ku Limbe kudzera msewu wa Midima, pikapu osamwa mafuta ambiri. Zinasintha nditayamba kulowa m'midzi ya ku Phalombe kukagula nandolo, m'misewu imene namondwe Freddy anaikumba mu 2023. Chitsulo chikalemedwa chimapindika, umachiona n'kuchiwongola. Aluminiyamu sachenjeza. Kugwedezeka kumamudya pang'onopang'ono mpaka mng'alu umatulukira pomwe anawotcherera. Wanga unatulukira pachokokera penipeni, matumba ali pamwamba.

Ndinafika nayo pa Chitakale itamangidwa zingwe. Wowotcherera anaigogoda, n'kupukusa mutu. "Bwana, marodi angawa ndi a chitsulo. Iyi imafuna makina akeake ndi gasi wa argon. Pitani nayo ku Blantyre." Tinamanga chigamba chachitsulo ndi mabauti. Chinagwira, koma chitsulo ndi aluminiyamu zikakhudzana pachinyezi wodyeka ndi aluminiyamu. Dzinja lisanathe, mabowo a mabauti anali atayera ufa, akukulirakulira.

Chowawa n'chakuti miyala yopangira aluminiyamu ili pamwamba pathu pomwepa, ku Lichenya pa phiri la Mulanje. Anaipeza m'ma 1920, mpaka lero ili chikhalire. Koma m'munsi mwa phiri lomwelo ndinasowa woti alumikize mng'alu umodzi.

Ku Blantyre ngoloyo anaiwotcherera pa mtengo umene unameza phindu lonse la nandolo, n'kundiuza mosabisa kuti moto umafewetsa aluminiyamu pamalo owotcherapo, ndiye m'misewu yangayo idzang'alukanso. Ndinaigulitsa kwa munthu woyenda pa phula pokhapokha.

Imene ndili nayo tsopano ndi yachitsulo, yopangidwa pa Chitakale pomwepa. Ndi yolemera, imamwetsa galimoto mafuta, ndipo ndikanyamula feteleza ndimaitsuka tsiku lomwelo, apo ayi dzimbiri lalowa. Chaka chilichonse mvula isanagwe ndimaipala n'kuipaka penti. Mwezi watha chitseko chakumbuyo chinathyoka. Tinadikira magetsi kuyaka, wowotcherera yemwe uja anachilumikiza, madzulo ake ndinapakira nthochi.