Injini ndinagula ine, dzina pa lisiti ndi la wina

Abale anga a ku Nkhotakota, amene tili kuno ku Joni ndi inu muli kumudzi, ndiloleni ndilankhuleko pang'ono.

Kuno chimalankhula ndi pepala. Mukukumbukira mu Novembala 2024, ana atamwalira ku Soweto chifukwa cha zakudya zapoizoni, Pulezidenti Ramaphosa analamula kuti ma spaza onse, timashopu ta m'makomboni, akalembetse ku khonsolo pasanathe masiku 21. Ndinaona ndi maso angawa mnzanga akulongedza shuga ndi sopo m'matumba usiku, nyali atazimitsa. Mlendo kuti apeze visa ya bizinesi amayenera kuonetsa ma rand 5 miliyoni. Ife a maganyu tikawatenga kuti? Ena anabwereka dzina la mwini nthaka, ndipo lero amapita kukagula buledi m'shopu imene anamanga okha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kwathu palibe anandiletsa kulembetsa, koma ndinagwa m'mbuna yomweyo. Zaka zitatu ndinkatumiza ndalama kwa msuweni wanga, tinagula boti, injini ndi chilimira. Lisiti, dzina lake. Chiphaso cha ku Fisheries, dzina lake. Komiti ya padoko, ija timati BVC, inkadziwa iyeyo. Usipa utagwa bwino ndalama zinasiya kuoneka, nkhani n'kukafika kwa amfumu. Iwo anandifunsa mofatsa kuti, "Mwana wanga, chosonyeza kuti katunduyu ndi wako chili kuti?" Ndinatulutsa foni kuwaonetsa mauthenga a WhatsApp. Pabwalo panamveka kuseka.

Ndiye musanatumize ngakhale tambala, yambani ndi chiphaso cha unzika. Lembetsani dzina la bizinesi kwa Registrar General, masiku ano zimatheka pa intaneti. Mukatero tengani TPIN ku MRA. Kuno ukatsegula kampani ku CIPC nambala ya msonkho imabwera yokha, kwathu muonetsetse kuti mwaigwira m'manja. Laisensi ya golosale kapena chigayo ndi ya ku khonsolo, paboma. Wofuna kupakira mpunga wa ku Bua m'mapaketi kuti ukalowe m'masitolo a ku Lilongwe asaiwale a MBS.

Ngati mukugwira ndi m'bale, lembani pepala: wayika zingati, phindu mugawana bwanji, injini ikafa akonza ndani. Musayine pamaso pa amfumu ndi mboni. Adzati Joni yakuonongani, mwayamba kukayikira magazi anu. Alekeni anene. Malo a m'mbali mwa nyanja nawonso chimodzimodzi, "tinagwirizana pakamwa" amatha tsiku limene agogo amene munagwirizana nawo aikidwa m'manda.

China chimene sindinawerengere: Novembala ndi Disembala nyanja amatseka kwa a makoka kuti chambo chiswane, kenako mwera ukabwera m'miyezi yozizira boti limagona pamchenga masiku angapo. Alovi amadyabe nthawi yonseyo, ndipo foni imalira kuno.

Injini ija ndikumva kuti ili ku Dwangwa. Anaipenta ya buluu.