Desktop yakale ija ndi mafunso a mock

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwangamu, pepani kuti ndakhala duu kwa kanthawi. Ndinatanganidwa ndi mawaya.

Nkhani yake ndi iyi. Kusukulu kwathu makompyuta onse, a mu labu ndi a mu staff room, anali pa netiweki imodzi. Teremu yathayi tikukonza mock ya Folomu 4, ndinapeza kuti foda ya mafunso ikuoneka poyera kuchokera pampando wa mwana aliyense mu labu. Thukuta linatuluka. Ahedi anangoti, "Bambo, paja a Computer Studies ndinu, tionereni."

Ndinakatenga desktop yakale ku sitolo, fumbi lokhalokha, n'kuikamo ma network card atatu ndi Debian, kuti ikhale router. Khadi loyamba la labu, 192.168.10.1. Lachiwiri la staff room, 192.168.20.1. Lachitatu lopita ku modemu ya intaneti. Manambala oyamba ndi 192.168 amenewa ndi a m'nyumba, anawapatula m'chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996, ndipo pa intaneti sayendapo. Kompyuta iliyonse ndinaiuza kuti gateway yake ndi khadi la mbali yakeyo.

Palibe chinadutsa. Linux siolotsa uthenga kuchoka pa khadi lina kupita pa linzake pokhapokha utaiuza kuti net.ipv4.ip_forward=1. Ndinatero, koma intaneti kunalibe ndithu, chifukwa modemu sinkadziwa kobwezera mayankho a ma subnet awiri atsopanowa. Masquerade ya mu nftables ndi imene inathetsa vutoli. M'mawa mwake magetsi anazima, ndipo atayaka zonse zinabwerera pakale, poti mzere uja ndinali ndisanausunge mu /etc/sysctl.d/. Mwana akanachita zimenezi pa practical ndikanamudula mamalikisi.

Lachisanu ndikuyenda monyadira mu labu, mtsikana wina wa Folomu 3 anakweza mkono. "Aphunzitsi, tabwerani muone." Anali atachita ping kompyuta ya mu staff room, ndipo inkayankha bwinobwino. Foda ija imatseguka ukangolemba nambala yake.

Ndinakhala pansi. Ine ndinkaganiza kuti kugawa ma subnet ndiye kutseka. Ayi ndithu. Ntchito ya router ndi kulumikiza, ndiye tsiku limene ndinayatsa ip_forward ndinalumikizanso ndekha zimene ndinalekanitsa. Chotseka ndi firewall. Madzulo omwewo ndinaika policy drop pa forward chain, n'kuloleza zitatu zokha: mbali zonse ziwiri zipite ku intaneti, staff room ifike ku labu, ndipo mayankho a kulumikizana koyambika kale adutse. Labu payokha singayambe kugogoda ku staff room. Pa foda paja ndinaikanso password, chinthu chimene ndikanayambira.

Mafunso a mock tinalembanso ena, aphunzitsi a Biology mpaka pano sakundiseka. Tsopano ana akudandaula kuti sakuthanso kusindikiza, poti pulinta ili ku staff room. Lolemba ndiwatsegulira port 9100 ya pulintayo yokha, mtsikana uja akayese kaye.