Nkhalango Imamwa Nkhungu



Mwezi wa Juni walowa ndi chisanu chake. Inu obadwira kuno mukudziwa chiperoni: mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene inatenga dzina lake kuphiri la Chiperone la ku Mozambique. Ikafika, dzuwa limabisala masiku awiri kapena atatu, mvula yamawawa ili waa, chovala osauma. Ambiri timaidandaula. Ine lero ndikufuna ndiiyankhulireko.

Chipumireni pantchito ya boma, ndimakonda kuyenda ndekha chiperoni chikamayandikira. Loweruka lapitali ndinatenga ndodo ndi jekete, ndinadutsa njanji yopita ku Sandama, n'kulowa m'tinjira ta m'minda ya tiyi. Tiyi wina anali atadulira kale, pakuti ino ndiyo nyengo yake. Phiri la Mulanje linkaoneka kumunsi kokha. Nsonga zake mtambo unali utameza. Ndinadziwa kuti ndili ndi maola awiri basi.

Kumapeto kwa munda kuli kankhalango kachilengedwe kamene eni esiteti anakasiya m'mbali mwa khwawa. Muli mikuyu, katope ndi mbawa zoti anthu awiri sangazikumbatire. Munthu ukakhala wekha, makutu amatseguka. Ndinamva apusi akuthyola nthambi, kenaka bata. Nkhungu yoyamba inalowa mwakachetechete, ndipo posakhalitsa ndinamva tho! tho! tho! pamasamba ouma. Mvula inali isanayambe. Anali madzi a nkhungu amene masamba a mitengo anakola, n'kumagwetsera pansi. Nditatuluka kukafika pamunda wa chinangwa woyandikana nawo, fumbi linali lidakali louma. Nkhungu yomweyo inangodutsa pamwamba, popeza panalibe choigwira.

Taganizani zimenezi, abale. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula yeniyeni sitiiona. Nanga kasupe wa m'khwawa muja amatunga kuti madzi oyenda mpaka m'chilimwe? Mtengo umakola chinyezi, mthunzi wake umasunga nthaka, mizu yake imatsekula njira kuti madzi alowe pansi. Tiyi amene amaphunzitsa ana athu amadaliranso chinyontho chomwechi m'miyezi youma.

Ife amvulazakale tikukumbukira phiri la Thyolo lili bii ndi mitengo. Lero mbali yaikulu ndi minda, ndipo nkhalango yooneka yatsala cha ku Satemwa. Sindikuloza chala munthu. Malo ndi ochepa m'boma lathu lino, mabanja akukula, ndipo mayi wofuna kuphikira ana sangaphike ndi malangizo. Koma madzi saiwala khwawa. Pamene palibe mtengo woti uwachedwetse, amatsika ndi ukali. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatiphunzitsa zimenezi ndi maliro, kuno ku Thyolo, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Madzi omwewo amene amatisowa mu Okutobala ndi amene amatikokolola mu Malichi.

Choncho pempho langa ndi ili. Nyengo yodzala mitengo imayamba mu Disembala, koma mbande imafesedwa tsopano. Banja lililonse lokhala ndi munda wofika kumtsinje lisiye mikono ingapo osalima, lidzalepo katope, mkuyu kapena nsungwi. Bulugamu adzalidwe kumtunda, kutali ndi kasupe, chifukwa amamwa madzi kwambiri. Inu a m'tauni amene mumatumiza ndalama zowotchera njerwa, funsaninso kuti nkhunizo zadulidwa kuti, ndipo tumizaninso ya machubu a mbande. Achinyamata a mumpingo, ndikupemphani mudzandipeze Loweruka likubwerali tikatole njere m'khwawa muja mwini malo atatilola.

Mbawa imene ndingadzale chaka chino sindidzakhala pamthunzi wake. Amene anasiya mitengo ija osaidula, nawonso sanandidziwe.

Fundani bwino usiku uno, ndipo mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka. Ambuye akusungeni nonse.