Jumbo ya pa mphika wa amayi

Tchuthi chathachi nditafika kwathu ku Nzama, ndinapeza amayi akuphika kachewere monga achitira masiku onse. Madzi atatsala pang'ono kuphwa, anayala jumbo yakuda pamwamba pa mbatatayo n'kuvundikira ndi mbale yakale. Amati ikatero imapsa msanga ndipo nkhuni sizitha. Ndakula ndikudya mbatata yophikidwa chonchi, koma tsiku limenelo pakamwa panandiyabwa.

"Amayi, pulasitikiyo ndi poizoni."

"Nanga iwe wakula ndi chiyani?" anandiyankha osatembenuka n'komwe. "Udzandiphunzitse ukadzagula chivundikiro chokwana."

Ndinachita manyazi, chifukwa ndinanena chinthu chimene ndinangochimva pamwamba. Ine ndimaphunzira mbiri ndi zilankhulo, osati sayansi. Nditabwerera kusukulu ndinayamba kuwerenga kuti ndidziwe ngati ndinawalakwira amayi.

Nkhani yake yagona pa mahomoni, timichere timene thupi limapanga lokha kuti tizinyamula uthenga m'magazi. Ndi timeneti timauza thupi nthawi yokula, yotha msinkhu, yosamba ndi yobereka. Timagwira ntchito tili tochepetsetsa, n'chifukwa chake chinthu chachilendo chofanana nato chikhoza kusokoneza uthengawo.

Mankhwala awiri ndiwo amatchulidwa kwambiri. Oyamba ndi BPA, amene amapezeka m'mapulasitiki ena olimba ndi m'kati mwa zitini zina za zakudya. Asayansi anadziwa kale m'zaka za m'ma 1930 kuti BPA amatsanzira estrogen, homoni imene imayendetsa zambiri m'thupi la mkazi. Achiwiri ndi phthalates, amene amafewetsa pulasitiki wa mtundu wa PVC, ndipo pa nyama zoyeserera ena mwa iwo anachepetsa testosterone, homoni ya umuna. Pa anthu umboni ndi wovuta kuusonkhanitsa, poti palibe angamwetse khanda mankhwala dala kuti aone zotsatira. Komabe mayiko ena sanadikire. Bungwe la European Union linaletsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011, ndipo kumapeto kwa 2024 linavomereza kumuletsa m'zinthu zosungiramo chakudya.

Apa ndiye ndinapeza kulakwa kwanga. Jumbo zimapangidwa ndi pulasitiki wina, polyethylene, amene safuna BPA pomupanga. Mawu anga aja a poizoni ndinawalankhula mothamanga. Koma amayinso sanapambane kwenikweni. Jumbo yakuda anaipangira kunyamula katundu, osati kuphikira. Ili ndi utoto ndi zina zothiramo, ndipo zina zimachokera ku mapulasitiki akale osungunulanso. Chodziwika bwino n'chakuti kutentha ndi mafuta zimafulumizitsa mankhwala kutuluka m'pulasitiki kulowa m'chakudya. Tsono ganizirani chipisi cha pachiwaya chimene timalandira chili chamoto m'kajumbo, nsima yokulunga m'pulasitiki, ndi utsi umene timapuma poyatsa mbaula ndi jumbo.

Chimene chimandidandaulitsa ndi momwe timakambira nkhaniyi m'dziko muno. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015. Makampani anathamangira kukhoti, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti chiletsocho chikhalebe. Zaka zonsezi zokamba zathu zakhala ngalande zotsekeka, nthaka yowonongeka ndi mbuzi zofa ndi majumbo m'mimba. Zonsezo n'zoona. Koma za thupi la mwana amene amamwa phala lotentha m'kapu ya pulasitiki yokandikakandika, sitizikamba mokwanira.

Ife amene tapita kusukulu tili ndi chizolowezi choipa. Timafika kumudzi ndi mawu oopsa, osabweretsa njira ina. Amayi anga sayala jumbo chifukwa cha umbuli. Ku Nzama kumazizira, nkhuni zikusowa, ndipo chivundikiro ndi ndalama. Agogo ankavundikira ndi tsamba la nthochi, ndipo nthochizo zikadalipo kuseri kwa nyumba.

Sindikufuna kudikira kuti asayansi amalize mkangano wawo. Mlongo wanga ali ndi khanda la miyezi isanu, ndipo kusamutsira phala lake m'kapu yachitsulo sikutiwonongera kanthu. Tchuthi chikubwerachi ndatapa pa ndalama yanga ya ndiwo n'kugula kapuyo ndi chivundikiro. Ndikakafika ndikayamba ndi kupepesa.