Kachipatala ka m'mbali mwa nyanja ya Atitlán

Kuyambira m'mawa chithunzi china chimene ndaona sichikundichoka m'maso. Amayi a ku Santiago Atitlán, ku Guatemala, atavala mabulauzi awo opetedwa mbalame, akulandizana zidebe za mchenga ndi alendo obwera kudzathandiza mwaulere kumanga kachipatala.

Mu Okutobala 2005 chimvula cha Hurricane Stan chinagumula phiri, matope n'kukwirira mudzi wa Panabaj kumeneko, kachipatala kawo ka Hospitalito Atitlán n'kutsekeka. Anthuwo sanapinde manja ayi, anakamanganso pamalo ena.

Komatu chikundivuta ine si khoma. Agogo ndi amayi ambiri kumeneko amalankhula chinenero chawo cha Tz'utujil, pomwe dokotala wodzipereka amabwera ndi Chisipanishi kaya Chingerezi. Mayi wapakati akamva kupotokola m'mimba usiku, alongosolera ndani? Kwa ine womasulira ndi mzamba wa m'mudzimo ngofunika ngati simenti imene.

Mlendo amamanga katundu n'kubwerera kwawo, eni mudzi n'kutsala ndi odwala awo. Nanga inu amene munaumbako njerwa za chipatala kwanu, alendo atapita makiyi anatsala ndi yani?