Kompyuta yanga inanamizira mayi wosalakwa

Inu amene mumagulitsa pamsika mukudziwa kuti pa benchi iliyonse pamakhala kabuku kamene sikaonetsedwa kwa munthu wamba. Kwa ena ndi kope la ana asukulu lothothoka chikuto, kwa ena ndi chikatoni cha sopo chong'amba, koma m'menemo ndi momwe mumagona mpamba wa munthu. Amayi anga akhala akugulitsa ufa, nyemba, mpunga ndi usipa mumsika wa Ndirande kuyambira ine ndisanayambe sitandade 1. Kope lawo la ngongole ndi limene linandilipirira fizi, ndipo kope lomwelo linatsala pang'ono kundidanitsa nawo.

Nditasankhidwa kukaphunzira za makompyuta ku Chancellor College ku Zomba, yomwe kuyambira 2021 ikutchedwa University of Malawi, anzawo a amayi analuluta mpaka mzere wa tomato unamva. Ena ankati ndikukaphunzira kukonza mafoni, ena ati kutaipa makalata. Inenso, kunena zoona, sindinkadziwa kweni-kweni chimene ndikukatola kumeneko.

Chimene ndinakapeza ndi ichi: kompyuta ndi wantchito wachangu zedi koma wopanda nzeru zakezake. Mukamutuma mwana kuti kagule mchere, amadziwa yekha kuti atenge ndalama, awerenge chenji, abwerere kunyumba. Kompyuta iyenera kuuzidwa zonsezo chimodzi-chimodzi, ndipo mukaiwala kuiuza kuti ibwereko, ikhala kuokala konko mpaka mawa. Malangizo amenewa ndiwo amatchedwa pulogalamu, ndipo amalembedwa m'chilankhulo chimene makinawo amamva. Ine ndinakonda chotchedwa Python, chimene anachitulutsa mkulu wina wa ku Netherlands, Guido van Rossum, mu 1991, ndipo n'chaulere mpaka lero.

Pulogalamu yanga yoyamba inali yowerengera phindu pa thumba la nyemba. Umalowetsa mtengo woodera, thiransipoti, wonyamula, tikiti ya msika ndi majumbo, iyo n'kukuuza kuti ugulitse zingati pa mbale kuti usalowe pansi. Patchuthi ndinawaonetsa amayi monyadira, n'kuwauza kuti basela amene amaika pa mbale iliyonse akuwadyera phindu. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe, basela si kuluza. Basela ndi amene amamubweza kasitomala mawa. Makina akowo akudziwa za mawa?"

Ndinaseka, koma mumtima ndinati amayiwa ndi akale basi. Apa ndi pamene ndikanayenera kutchera khutu.

Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ndinabwerera ku Ndirande ndi kalaputopu kanga kakaunjika kamene batire yake inkatha usanamalize kumwa tiyi. Bizinesi inali itavuta. Anthu ambiri anaimitsidwa ntchito, ngongole m'kope muja zinachuluka, ndipo amayi ankakhala mpaka usiku akuwonkhetsa ndi tochi ya pafoni. Ndinati pano ndiye pofunika mwana wa kuyunivesite. Ndinalemba pulogalamu yachiwiri: madzulo aliwonse ndinkakopera za m'kope kulowetsa mu kompyuta, iyo n'kuwonkhetsa ngongole ya munthu aliyense, ndipo pakutha pa mwezi n'kutumiza uthenga wa pafoni wokumbutsa mwaulemu kuti mwatsala ndi zakuti.

Vuto linali la maina. Amayi salemba munthu ndi dzina la pachitupa ayi. Lero alemba "amake uje", mawa "make uje", mkuja angolemba mfunda wake, tsiku lina "wa ku Goliyo uja". Komanso mukudziwa kuti ife L ndi R sitiwasiyanitsa: Malita ndi Marita ndi munthu mmodzi. Kwa kompyuta amenewo ndi anthu awiri, ndiye ngongole ya munthu mmodzi inkagawika pawiri kapena patatu.

Ndinafufuza m'mabuku n'kupeza njira imene katswiri wa masamu wa ku Russia, Vladimir Levenshtein, anaifotokoza mu 1965. Njirayi imawerenga kuti ndi zilembo zingati zimene ungasinthe, kuchotsa kapena kuwonjezera kuti mawu awa afanane ndi awo. Ndinailamula kompyuta kuti maina akasiyana ndi chilembo chimodzi chokha, iziti ndi munthu mmodzi. Ndinayesa pa maina angapo, zinatheka bwino-bwino, ndinagona ndikumwetulira.

Tsono panali amayi awiri amene onse ankatenga katundu kwa ife. Maina awo enieni sinditchula poti akadali moyo ndipo amadutsa mumsika momwemo, koma maina a ana awo ankasiyana monga m'mene amasiyanirana Tadala ndi Tamala. Chilembo chimodzi basi. Mmodzi anali ndi ngongole ya K9,500 ya miyezi itatu. Winayo anali kasitomala wa amayi wa zaka 12, wolipira tsiku lomwe amuna awo alandira, ndipo mwezi umenewo analibe ngongole ngakhale ya tambala. Kompyuta inawaphatikiza, n'kutumiza uthenga ku nambala ya wosalakwayo.

Foni ya pabanjapo inali imodzi, ndipo imakhala m'thumba mwa bambo. Bambowo anawerenga kuti akazi awo ali ndi ngongole ya K9,500 ya ufa ndi ndiwo, pomwe ndalama ya zimenezo anali atapereka kale. Zimene zinachitika m'nyumbamo usiku umenewo sindinazione, koma m'mawa mwake mayiyo anafika pa benchi maso ali psuu, mwana kumbuyo, kachikwama ka zovala m'manja.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani ine? Zaka zonsezi ndinakudyeranipo ndalama yanu? Lero ndikupita kwathu chifukwa cha inu!"

Mzere wonse unasiya kugulitsa. Amayi anatsegula kope, anafufuza tsamba ndi tsamba, ndipo m'kopemo munalibe cholakwa chilichonse. Dzanja lawo linalemba zoona. Wabodza anali makina anga. Sanandikalipire pagulu, anangotseka kope n'kunena motsitsa mawu kuti, "Vala nsapato, tikupita."

Tinayenda wapansi mpaka kunyumba kwa anthuwo. Ine, mwana wa kuyunivesite amene anthu anamululutira, ndinagwada pakhonde n'kuwafotokozera bambo aja kuti amayiwa alibe mlandu, wolakwa ndine. Anafunsa kuti kodi kompyuta imanamanso? Ndinati iyo sinama bambo, imachita zimene yauzidwa, ndipo amene anaiuza zopusa ndine. Banja lija silinathe, tithokoze Mulungu. Koma pobwerera amayi sanandilankhule mpaka pa sitejii, pomwe anangoti, "Dzina la munthu si nyemba zoti ungophatikiza poti zikufanana."

Sukulu zitatsegulidwa ndinabwerera ku Zomba ndili ndi maganizo osiya zonse za mapulogalamu. Ndinawafotokozera aphunzitsi anga ena nkhani yonse, ndikuyembekeza kuti andiseka kapena andipepesa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anandifunsa kuti, "Usanatumize mauthengawo, unadziwa bwanji kuti njira yako ikugwira?" Ndinati ndinayesa pa maina angapo. "Anasankha mainawo ndani?" Ndinati ndine. Iwo anati, "Ndiye kuti unagula dengu la tomato poyang'ana wapamwamba yekha."

Abale anga, kafukufuku amene mumamva pawailesi uja chiyambi chake n'chimenechi. Si kuvala gauni kapena kulankhula Chingerezi chokhotakhota. Ndi kupisa dzanja pansi pa dengu musanalipire, n'kulemba moona zimene mwapezako, ngakhale zitakhala zowola ndipo dengulo ndi lanu lomwe.

Mu 2021 ndinalowa nawo mpikisano wa pa intaneti, pa tsamba lotchedwa Zindi, pomwe anaika nkhani za m'nyuzi za Chichewa kuti tiphunzitse kompyuta kuzisanja: iyi ndi ya ndale, iyi ya ulimi, iyi ya masewera, iyi ya mafumu, iyi ya ufiti. Nkhani zina anatipatsa ndi mayankho ake kuti makina aphunzirepo, zina anabisa mayankho kuti ayesere. Pa nkhani zimene inaziona kale, pulogalamu yanga inkakhoza ngati mwana wa aphunzitsi. Pa zobisidwa zija inagwa chagada. Inali italoweza, osati kumvetsa. Sindinapambane kanthu, koma ulendo uno dengu ndinalipisa ndisanapweteke munthu.

Kumeneko ndi kumene ndinaona kuti vuto la kope la amayi ndi lalikulu kuposa Ndirande. Makinawa anakulira m'Chingerezi. Taonani mawu akuti "sindinakuoneni": kwa ife ndi liwu limodzi, koma mkati mwake muli kukana, muli ine, muli nthawi yakale, muli inu, muli kuona, mulinso ulemu. Mzungu amafuna mawu asanu kuti anene zomwezo. Kompyuta yozolowera kudula mawu pamene pali mpata imaona "sindinakuoneni", "ndinakuonani" ndi "tidzaonana" ngati zinthu zitatu zosadziwana. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, koma aliyense amene anaiyesapo ndi mwambi kapena chilankhulo cha pamsika akudziwa kuti nthawi zina imabwera ndi zoseketsa. Chifukwa chake n'chakuti makinawa amaphunzira kuchokera pa zolembedwa, ndipo zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa. Za "faifi lita", "kupikula", "chipereganyu" ndi "banki mkhonde" zili m'kamwa mwanu ndi m'makope anu, osati m'mabuku.

Ndinapezanso kuti sindili ndekha. Pali gulu la ofufuza a mu Africa muno lotchedwa Masakhane, limene linayamba mu 2019, ndipo dzinalo m'Chizulu likutanthauza kuti timange pamodzi. Muli a ku Nigeria, Kenya, South Africa ndi maiko ena, aliyense akulimbana ndi chilankhulo cha kwawo. Kufunsa anthu amenewa kunandichotsa manyazi, poti nawonso ankafotokoza poyera zimene zinawakanika.

Pulojekiti yanga yomalizira digiri inabwerera ku kope lomwe lija. Ndinaichita mu 2022, chaka chimene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, ndiye ntchito yambiri ndinkaigwira pakati pa usiku magetsi akayaka. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mitengo ya m'kope ikusintha sabata ndi sabata. Ndinayenda mabenchi kupempha eni ake kuti ndikopere masamba akale, nditafufuta manambala a foni ndi ndalama. Ena anavomera, ena anati, "Ndiwe uja unathetsa banja la eni ake?" Amenewo sindinawakakamize, anali ndi chifukwa.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti kulakwitsa kuli pawiri, ndipo mtengo wake si umodzi. Makina akamugawa munthu mmodzi pawiri, wogulitsa amachedwa kutolera ndalama yake, mawa akonza. Akaphatikiza anthu awiri kukhala mmodzi, wosalakwa amasenza ngongole ya mnzake. Choncho pulogalamu yatsopano imadziwa kuti L ndi R ndi pachibale, imadziwa kuti "amake" ndi "make" ndi chimodzimodzi, koma ikapeza kusiyana kwina kulikonse siganiza yokha, imaima n'kufunsa mwini benchi. Ndipo situmiza uthenga kwa munthu aliyense mwini wake asanauwerenge. Njira ya Levenshtein ija sinali yolakwa ayi. Wolakwa anali ine amene ndinaipatsa ufumu pa maina a anthu amene sinawaonepo nkhope.

Pano ndikupitiriza maphunziro, ndipo kafukufuku wanga ndi wa momwe makina angawerengere Chichewa cholembedwa ndi anthu wamba, chosakaniza ndi Chingerezi, chofupikitsa, cha dzanja lothamanga. Ndalama zake n'zochepa, anzanga amene analowa ntchito m'mabanki anagula kale magalimoto. Amayi amandifunsa kuti sukulu yakoyi idzatha liti, ine n'kusowa choyankha.

Kwa inu anzanga a pamsika ndili ndi pempho limodzi. Masiku ano kukubwera anyamata ndi atsikana ngati ine, atanyamula mafoni, akuti lowetsani bizinesi yanu umu, muzisunga ngongole umu, tikupatsani loni pompano. Zina mwa zimenezi n'zothandiza ndithu, monga m'mene Airtel Money ndi Mpamba zinachepetsera kuyenda ndi ndalama m'chitenje. Koma musachite nawo manyazi poti alankhula Chingerezi. Afunseni kuti anayesera pa anthu ati. Afunseni kuti makinawo akalakwitsa, adzagwade pakhonde ndani. Afunseni kuti maina ndi manambala a makasitomala anu akupita kuti, poti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu yosungidwa m'makina. Akakwiya ndi mafunso amenewa, dziwani kuti pansi pa dengu pali zowola. Ndipo kope lanu musataye.

Mayi uja anabwereranso pa benchi ya amayi patapita miyezi isanu ndi iwiri. Amagula, amacheza, amandifunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji mwana wanga. Koma kuyambira tsiku lija sanatengeponso kanthu pa ngongole, ngakhale mwezi utavuta chotani. Amawerenga ndalama yake, kulandira chenji, n'kumapita. Amayi amamuikira basela wa mbale yodzaza, ndipo ine sindinenaponso kanthu za basela.